Madzi a Kumapeto kwa Dzinja ndi Maulendo a m'Zambia

Mabuku ambiri a Geography amene afika m'sukulu za kumidzi anayamba kulembedwa ndi anthu a maiko ozizira, kumene nyengo yotentha ndiyo nyengo ya maulendo, pakuti cipale casungunuka ndipo usana watalika. Kuno ku Zambia nkhani njosiyana. Miyezi imene dzuwa lipita pamwamba peni-peni pa mutu ndiyo ya dzinja, ndipo kumapeto kwace, kuyambira pakati pa February kufikira masabata oyamba a April, ndiyo nthawi imene dziko lino linali kuduka zidutswa-zidutswa masiku akale. Pofika pamenepo nthaka yakhuta madzi a miyezi itatu, madambo adzala, udzu wapitirira msinkhu wa munthu, ndipo mvula iri yonse yogwa isowa kolowa, ningothamangira kumtsinje. Ndiyonso nthawi imene nkhokwe zapepuka ndipo cimanga ca m'munda cikali cosakhwima, kotero kuti mlendo wofika pamudzi sapeza wom'gulitsa ufa.

Mvula ya dziko lino ibadwa pamene mphepo zikumana. Ina icokera ku nyanja ya Atlantic nidzera pamwamba pa nkhalango za Congo, ndiyo yonyowa koposa. Zina zicokera ku nyanja ya Indian, ina kumpoto ca kum'mawa, ina kumwera ca kum'mawa. Pamene zakumana mpweya ukwera kumwamba, nuzizira, nusanduka mitambo. Malo okumanawo sakhala pamodzi: atsikira kumwera mu November ndi December, nabwerera kumpoto mu March ndi April. Cifukwa cace kumpoto mvula iyamba msanga nicedwa kuleka, pamene kumwera icedwa kufika nifulumira kucoka. Ku Mwinilunga ndi ku Kawambwa igwa yoposa mamilimita 1,300 pa caka, ku Chipata pafupi-fupi 1,000, koma ku Livingstone mwina 700 okha.

Manambala amenewa ngabwino pa bolodi, koma munthu wa pa ulendo sam'thandiza kweni-kweni. Cimene citseka kapena kutsegula njira kumapeto kwa dzinja si mvula yogwa pamutu pa woyendayo, koma madzi a mvula imene inagwa kwina, kutali ndi kumene iye ali. Pa mitsinje ina madziwo afika usiku womwewo. Pa ina afika patapita miyezi iwiri, thambo litayera kale. Ndiponso madzi amodzimodziwo amene atsekera munthu wa galimoto atsegulira munthu wa bwato. Mbiri ya maulendo m'zigawo za dziko lino imveka bwino ngati munthu agwira zinthu ziwiri zimenezi.

Luangwa ndiwo mtsinje wosaleza mtima. Ucokera ku mapiri a Mafinga, pafupi ndi malire a Malawi, nuyenda m'cigwa cakuya pakati pa mapiri a Muchinga ndi mtunda wa kum'mawa, kufikira ulowa m'Zambezi pa Feira, pamene lero pachedwa Luangwa. Mitsinje imene iuthira madzi, monga Lundazi, Lukuzye ndi Lupande, m'cilimwe ikhala mcenga wokha-wokha, ndipo akazi afukula m'mcengamo kuti apeze madzi akumwa. Koma m'February mvula ya usiku umodzi pamtunda ikwanira kuisandutsa cigumula ca matope ndi mitengo yozuka. Munthu aoloka m'mawa madzi ali m'mapazi, nabwera madzulo kudzagona patsidya, cinkana pamalopo sipanagwe ngakhale dontho limodzi. Pansi m'cigwamo muli makande, dothi lakuda limene ling'ambika ming'alu m'cilimwe, koma likanyowa ligwira phazi, ligwira njinga, ligwiranso gudumu la galimoto.

Makolo anali kudziwa zimenezi popanda buku. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, pa tsiku la kadamsana, ali ndi akazi, ana ndi ng'ombe. Ndiwo mwezi umene mtsinjewo waphwa koposa miyezi yonse. Amalonda a minyanga, Abisa, Ayao ndi Acikunda, anali kudikira kuti udzu upse ndi madooko aoneke asananyamuke. Amene anabvutika ndi kumapeto kwa dzinja ndiwo alendo amene anabwera ndi kalendala yao, ofuna kuti kalata ifike pa tsiku lace mwezi uli wonse.

Boma la Fort Jameson, lero Chipata, linakhazikika mu 1899 monga likuru la North-Eastern Rhodesia, ndipo katundu wace ndi makalata ace anali kudzera ku Nyasaland ndi ku Tete, popeza kumadzulo kunali cigwa cija. Mu 1911 maiko awiri a kumpoto kwa Zambezi anaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, likuru liri ku Livingstone, koma kuphatikizako kunali kwa pa pepala. Njanji inali itafika ku Broken Hill, lero Kabwe, mu 1906. Kucokera pamenepo kunka ku Fort Jameson amtenga-tenga anali kuyenda pansi pafupi-fupi masabata atatu m'nyengo youma, ndipo m'dzinja panalibe woyesa kulonjeza tsiku lofika. Mseu wa Great East Road unatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, galimoto zikuoloka Luangwa pa pontuni, ndipo m'zaka za m'ma 1930 a Beit Trust analipirira ulalo woyamba wa zitsulo. Ulalo umodzi sunathetse bvuto, pakuti mseu unali wa dothi, ndipo timitsinje tating'ono ta m'mapiri tinali kuimitsa malole masiku angapo monga momwe Luangwa anali kucitira kale. Ulalo umene ulipo tsopano unatsegulidwa mu 1968, phula nalo linatsatira m'zaka zimenezo, ndipo makilomita pafupi-fupi 570 a pakati pa Lusaka ndi Chipata anasanduka ulendo wa tsiku limodzi.

Sukulu za mishoni za kum'mawa zinakula m'kati mwa zobvuta zimenezi. Magwero inayamba mu 1899, Madzimoyo mu 1903, ndipo mishoni iri yonse inali ndi sukulu zace za m'midzi zomwazikana kutali-kutali. Maulendo oyendera sukuluzo anali a m'cilimwe. Pofika February ndi March mphunzitsi wa pamudzi anali kutsala yekha ndi ana ace, wopanda wom'yendera, wopanda kalata, theka la ana liri tsidya lina la mtsinje, ena ali kumunda kuingitsa anyani ndi mbalame. Wowerenga marejista akale a miyezi imeneyo angafulumire kunena kuti aphunzitsi aja anali aulesi. Kuweruza kotero nkosalungama, pakuti sikuwerengera mtsinje.

Kumpoto, ku Bangweulu, madzi acita mwa njira yina. Kumeneko safulumira, koma afalikira. Chambeshi ndi mitsinje inzace ithira madzi ao m'zithaphwi zazikuru za gumbwa ndi bango, ndipo popeza dzikolo nlathyathyathya, madzi akwera pang'ono-pang'ono nakuta madambo amene m'cilimwe munthu ayendapo ndi mapazi ouma. Palibe ulendo umene uonetsa ici bwino koposa ulendo wotsiriza wa David Livingstone.

Iye anayamba kuona nyanja ya Bangweulu mu July 1868, m'nyengo youma. Pobwera kaciwiri ananyamuka ku Unyanyembe, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mu August 1872, ali wodwala kale kamwazi, nafika kumpoto ca kum'mawa kwa nyanjayo mu January 1873, mvula iri pakati. Mapu ace anali olakwa, ndipo cipangizo cace coyesera nyenyezi cinali citaonongeka. Ngakhale cikadakhala cabwino, mitambo inabisa nyenyezizo usiku ndi usiku. Masabata ambiri gulu lace linayenda m'madzi ofika m'maondo, pena m'ciuno, pena m'khosi, ndipo pa mitsinje yakuya Susi ndi anzace anali kum'senza paphewa. Midzi yambiri anaipeza yopanda anthu kapena yopanda cakudya. Usiku wina linthumbu linam'turutsa m'hema. Mu March anakhala masiku ambiri kwa mfumu Matipa kupempha mabwato, ndipo kumeneko ndiko anakwanitsa zaka 60, pa 19 March. Anaoloka Chambeshi kumapeto kwa mweziwo, anthu ace ena ali m'mabwato, ena akuyenda m'madzi m'mbali. Ca kumapeto kwa April analephera kukwera buru, nayamba kunyamulidwa pa macila. Pa 27 April analemba mau ace otsiriza m'buku lace la ulendo, namwalira pamudzi wa Chitambo ku Ilala poyamba peni-peni pa May.

Nkhani imeneyi iphunzitsidwa kawiri-kawiri monga nkhani ya kulimba mtima, ndipo kulimba mtimako kunalipo ndithu, makamaka kwa Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzao amene ananyamula mtembo kufikira ku Bagamoyo, kumene anafika mu February 1874. Koma irinso nkhani ya munthu amene analowa m'dziko la madzi pa mwezi wolakwika, ndiponso ndi miyendo m'malo mwa bwato. Madzi a cigumula anam'sokoneza kotero kuti sanathe kusiyanitsa nyanja ndi dambo, ndipo cifukwa ca iye mapu a ku Ulaya anajambula Bangweulu wamkuru koposa msinkhu wace kwa zaka zingapo. Kwa Aunga ndi Abisa a m'zisumbu miyezi yomweyo ndiyo yoyenda mosabvuta, pakuti bwato lifika pakhomo ndipo njira za m'gumbwa zimene zitsekeka m'cilimwe zatseguka. Boma la Angelezi linazindikira ici pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Posowa njira yotumizira cakudya kwa asilikari a kumalire a kumpoto, linasonkhanitsa mabwato mazana ambiri, katundu nayenda kucokera ku njanji ya ku Ndola kufika ku Luapula, nadzera m'zithaphwi momwe muja, nakwera Chambeshi kulinga ku Kasama. Opalasa anali eni dziko, ndipo popanda iwo palibe thumba limodzi likadapyola m'gumbwamo.

Kumadzulo, ku Barotseland, madzi ocedwa aja anasanduka maziko a ufumu. Zambezi atumphuka pafupi ndi Kalene, m'dera la mvula yambiri, nalowa m'Angola, nabwerera m'Zambia pa Chavuma atasonkhanitsa madzi a dziko lalikuru. Cidikha ca Alozi, cotalika makilomita oposa 200, ciyamba kudzala mu January, koma madzi afika pacimake mu April, mvula ya pa Mongu itayamba kale kuleka, ndipo saphwa kufikira June kapena July. Midzi ya m'cidikhamo inamangidwa pa zitunda. Madzi akayandikira pakhomo, ng'oma zacifumu za Maoma zilira usiku kuitana opalasa, ndipo Litunga akwera m'ngalawa yace ya Nalikwanda kucoka ku Lealui kunka kumtunda. Ndiwo mwambo wa Kuomboka, ndiko kunena kuturuka m'madzi. Mudzi wacifumu wa Limulunga, kumene ulendowo uthera masiku ano, unamangidwa ndi Litunga Yeta III m'zaka za m'ma 1930. Tsiku la mwambowo silidziwika caka cisanayambe, pakuti alilamulira ndi madzi. Zaka zina za cilala mwambo sucitika.

Lewanika sanayese kulimbana ndi cigumula ca caka ndi caka, koma anacigwiritsa nchito: anakumbitsa ngalande zolumikiza Lealui ndi Zambezi ndi mtunda, kuti mabwato ayende ngakhale madzi ataphwa. François Coillard wa mishoni ya Paris, amene anakhazikika ku Sefula natsegula sukulu kumeneko mu March 1887, anabwera ndi ngolo za ng'ombe, nazunzika nazo kwambiri m'mcenga, m'nkhalango ndi m'dera la kashembe. Kwa zaka zambiri pambuyo pace njira yeni-yeni ya pakati pa Livingstone ndi Mongu inakhalabe mtsinje, ndipo ngalawa zopalasa zinali kutha masabata angapo pokwera. Kumadzulo kumeneku nyengo yosautsa woyenda inali cilimwe, pamene gudumu limira m'mcenga wa Kalahari.

Za Kafue zifanana ndi zimenezi, koma pang'ono. Cidikha cace ncotalika makilomita oposa 200 ndipo kutsetsereka kwace nkocepa kwambiri, kotero kuti madzi a mvula ya ku Copperbelt atha masabata ambiri akukwawa kucokera kumadzulo kufika kum'mawa. Aila ndi Atonga anali kukweza ng'ombe zao kumtunda madzi akafika, nazibwezera ku msipu wobiriwira madzi akaphwa. Damu la Itezhi-Tezhi, lomangidwa m'zaka za m'ma 1970, linasintha nyengo za madziwo, ndipo oweta ng'ombe anayamba kuona madzi akufika pa miyezi imene makolo ao sanawaonepo.

Amisiri a ku Ulaya anaphunzira za madzi ocokera kutali pa Kariba. Cigwa ca Gwembe ndi dera lotentha la mvula yocepa, ndipo munthu woima pamenepo sangaganize za kukula kwa dziko limene lithira madzi m'Zambezi. Nchito yomanga khoma iri m'kati, mu March 1957 mtsinje unakwera koposa muyeso uli wonse umene unalembedwa kale, numiza mpanda wa simenti wochinga madzi pamalo a nchito. Akatswiri anayesa kuti cigumula cotere sicibwera kawiri pa moyo wa munthu. Caka cotsatira, mu February ndi March 1958, madzi a ku Barotseland anakumana ndi madzi a mvula yaikuru ya m'mitsinje ya pafupi, ndipo cigumula cinaposa ca 1957: cinakokolola ulalo wa galimoto ndi ulalo wa zingwe wa oyenda pansi, ndipo magombe awiri a mtsinje analekana. Atonga a m'cigwa, amene pafupi-fupi 57,000 a iwo anali kusamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, anati Nyaminyami wakwiya. Amisiri anaonjeza zipata zotayira madzi pa khomalo, nalitseka mu December 1958. Nyanja imene inadzala pambuyo pace inamiza madooko onse amene abale a tsidya lino ndi tsidya lija anali kuolokerapo.

Dzinja limene linayesa dziko lonse pamodzi linali la 1965 ndi 1966. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lodziimira palokha, ndipo mu December mafuta amene Zambia anali kulandira kudzera kumwera analeka kufika. Dziko linali ndi caka cimodzi cokha ca ufulu. Ndege za Britain, Canada ndi America zinayamba kutuntha mafuta, koma ndege sizikadakwanitsa, ndipo otsalawo anayenera kubwera m'migolo pa malole kucokera ku Dar es Salaam, pa mseu wa Great North Road wodzera ku Tunduma, Isoka, Mpika ndi Serenje. Mseuwo unali wa dothi ndi miyala, wosakonzedwera katundu wolemera, ndiponso upita m'dera la mvula yambiri, kumene dzinja licedwa kutha. Pofika February ndi March unali utasanduka ngalande ziwiri za matope. Lole imodzi ikatitimira, zonse za pambuyo pace zinali kuima, ndipo zambiri zinagubuduzika m'mbali mwa mseu. Oyendetsa anaucha Hell Run, ndiko kunena ulendo wa ku gehena, ndipo ambiri a iwo anafera pamenepo. M'matauni petulo anali kugawidwa ndi makuponi. Mabvuto a madzinja amenewo ndiwo anafulumizitsa mpope wa mafuta wa TAZAMA, wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, umene unatha mu 1968. Pambuyo pace mseu unathiridwa phula, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inatha mu 1975.

Kuyambira pamenepo miseu yaikuru yaleka kutsekeka caka ndi caka, cinkana ulalo kapena mpope wa pansi pa mseu ukokoloka nthawi zina. Cidikha ca Alozi ndico cinakana nthawi yaitali. Mseu wa pakati pa Mongu ndi Kalabo unayesedwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, madzi naugumula usanathe. Umene ulipo unatsegulidwa mu 2016, uli ndi maulalo 26 kuti cigumula cipite pansi pace. Ndiponso kumapeto kwa dzinja kuli ndi tsoka lina losiyana ndi matope. Mu 2024 mvula inaleka masabata angapo mu January ndi February, cimanga ciri pa ngaiyaye, ndipo pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco miseu ya kumwera ndi kumadzulo inali youma bwino m'March, koma minda inapsa, ndipo nyanja ya Kariba inaphwa kotero kuti magetsi anasowa m'dziko lonse miyezi yambiri.

Kutali ndi phula zinthu sizinasinthe kwambiri. M'madera ena a cigwa ca Luangwa, monga kwa Mfumu Nabwalya m'tsinde mwa mapiri a Muchinga, galimoto zilephera kufika miyezi ingapo ya dzinja, ndipo mabuku, coko ndi mankhwala ziyenera kulowa mvula isanalimbe. Wofuna kuturuka m'March akwera phiri ndi miyendo, kapena adikira pagombe la Munyamadzi kufikira mwini bwato aone kuti madzi atsika mokwanira.